Kukaona Nyanja ndi Thumba Lopepuka

Tsiku lina, ndili mphunzitsi wachinyamata pa sukulu ina ya m'boma la Chiradzulu, ndidajambula mapu a dziko lathu pa bolodi ndi kuyamba kufotokozera ana a Sitandade 7 za nyanja ya Malawi. Ndidawauza kuti nyanjayi ndi yaitali makilomita oposa 560, kuti kumpoto kuya kwake kumafika pafupifupi mamita 700, ndiponso kuti mphepo ikaomba mafunde ake amakula ngati nyumba. Ndili pakati polankhula, kamnyamata kena ka pa benchi ya kumbuyo kadaimika mkono. "Aphunzitsi, kodi inuyo mudaiona nyanjayo?" Ndidakauza kuti kaleke kusokoneza phunziro, koma funso lakelo lidandiperekeza mpaka kunyumba. Zoona zake zidali zakuti madzi aakulu amene ndidali nditaonapo ndi a mtsinje wa Shire pa Liwonde, pawindo la basi. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa, ndipo ine ndidali kandimverere wolandira malipiro a boma.

Ndikudziwa kuti si ine ndekha. M'masukulu athu muli aphunzitsi ambiri amene amaphunzitsa za phiri la Mulanje, za chigwa cha Shire ndi za zilumba za Likoma ndi Chizumulu kuchokera m'buku lokha, ndipo achinyamata ambiri amamaliza Fomu 4 akudziwa msewu umodzi, wochokera kwawo kupita ku sukulu. Mukafunsa chifukwa, yankho limakhala lomwelo: ndalama. Yankholi si labodza. Malipiro a mphunzitsi amatha mwezi usanafike pakati, ndipo amene wangolemba kumene mayeso alibe ndi malipiro omwe. Koma pansi pa yankholi pabisala ganizo lina limene ndifuna kulitsutsa, lakuti ulendo wa patchuthi ndi wa azungu ndi mabwana okha, ogona m'mahotela ndi kudya ndi mafoloko. Nyanja imene amaiona wogona m'hotela ndi yomweyo imene amaiona wogona pa mkeka. Chimene chimasiyana ndi ndalama zimene aliyense wa iwo amasiya kumeneko.

Ndisanapereke malangizo, ndiyenera kuulula kaye kupusa kwanga, pakuti ndiko kudandiphunzitsa. Tchuthi chotsatira funso lija, nditangolandira malipiro, ndidaika ndalama zonse m'thumba la malaya ndi kukwera basi ya ku Mangochi. Sindidafunse munthu aliyense za mtengo wa malo ogona, sindidatenge kamba, ndipo sindidauze mnzanga aliyense wa kumeneko kuti ndikubwera. Tsiku loyamba ndidadya chambo ndi mpunga m'lesitilanti, chifukwa ndidati munthu sangafike ku nyanja ndi kudya nyemba. Madzulo ndidapeza anzanga atsopano, anthu okoma mtima ndi odziwa nkhani, amene ludzu lawo lidali lalikulu kuposa langa ndipo matumba awo adali obooka. Mawa lake ndidagula chipewa cha mlaza, kenaka chiboliboli cha ng'ona chimene sindidadziwe kuti ndikachiika pati. Pa tsiku lachinayi m'mawa ndidawerenga zotsala, ndipo sizidakwane ngakhale theka la ulendo wobwerera.

Ndidabwerera pamwamba pa lole ya wogulitsa nsomba zouma, nditakhalira madengu a utaka, nditamusiyira jekete yanga yokhayo ngati chikole. Fungo lidandichoka patapita masiku, koma ngongole ya ku golosale idandichoka patapita miyezi itatu. Jekete ija sindidaionenso.

Nditakhala pansi ndi kuganiza bwino, ndidaona kuti chimene chidandigwetsa sichidali chinthu chachikulu. Mtengo wa basi ndidaudziwa ndisananyamuke, ndipo sudasinthe. Zidandidya ndi tinthu ting'onoting'ono timene pa nthawi yake timaoneka ngati si kanthu: botolo la zakumwa apa, mbale ya chakudya apo, njinga yondinyamula pa mtunda umene ndikadayenda pansi. Munthu akakhala kunyumba amadziwa mtengo wa chilichonse, ndipo dzanja lake limazengereza lisanalowe m'thumba. Akakhala pa ulendo mtima umamasuka, manyazi amamugwira pamaso pa alendo, ndipo amafuna kuoneka ngati munthu wa ndalama kwa anthu amene sadzakumana nawonso moyo wake wonse. Ndiye phunziro loyamba: mdani wa wapaulendo si kondakitala, koma kufuna kutamandidwa.

Tsono ulendo weniweni umayamba miyezi yambiri tsiku lonyamuka lisanafike. Wachiwiri wanga, umene ndidayenda ndi amayi a kunyumba pamodzi ndi mphunzitsi mnzanga, tidaukonzekera chaka chathunthu. Pa sukulu pathu tidali ndi chipereganyu cha anthu khumi, ndipo ine ndidapempha kuti ndikhale womaliza kulandira, mwezi woyandikira tchuthi chachikulu. Anzanga adadabwa, poti aliyense amalimbirana kukhala woyamba, koma ine ndimadziwa kuti ndalama zikabwera msanga zipeza ntchito ina. Masiku ano kuli mabanki a m'khonde ndiponso kuli kusunga ndalama mu foni, koma nzeru yake ndi yomweyo: ikani ndalama za ulendo pamalo pamene dzanja lanu silingafike mosavuta. Tiyerekeze kuti mwezi uliwonse mupatula K10,000. Pakutha pa miyezi khumi muli ndi K100,000 imene simudaimve kuwawa poichotsa. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Inu achinyamata amene mukudikira zotsatira za mayeso, mulibe malipiro koma muli ndi nthawi, ndipo nthawi ndi chuma pa ulendo, monga tionere kutsogoloku. Ganyu wa m'munda, wa njerwa kapena wophunzitsa ana a anansi madzulo akhoza kukufikitsani kutali ngati simuthera ndalamazo pa mayunitsi.

Pali ndalama ziwiri zimene siziyenera kukwera basi ndi inu. Zoyamba ndi za fizi, mayunifolomu ndi chakudya cha mwezi wotsegulira sukulu. Zimenezi zisiyeni m'manja mwa munthu wouma mtima amene sangakutumizireni ngakhale mutalira pa foni. Zachiwiri ndi za katapila. Ndaonapo aphunzitsi akukongola kuti akasangalale mlungu umodzi, ndi kukhala akapolo a wokongoza teremu yonse, mpaka kusiya khadi la ku banki m'manja mwake. Ulendo wotere si tchuthi ayi. Ngati ndalama sizidakwane chaka chino, fupikitsani mtunda kapena dikirani chaka chamawa. Nyanja sithawa.

Komabe wosunga ndalama m'dziko muno ayenera kukumbukira kuti kwacha siikhala malo amodzi. Mu Meyi 2022 mphamvu yake idatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Kwacha ikagwa mafuta a galimoto amakwera, ndipo mafuta akakwera mtengo wa basi sudikira mawa. Amene adawerengera ulendo wake mu Okutobala wa chaka chimenecho adapeza kuti pofika Khrisimasi masamu ake ndi akale. Choncho musasunge zonse monga ndalama. Zina zisandutseni zinthu zimene mudzazifuna ndithu: chikwama cholimba, tochi, neti ya udzudzu, ndiponso mtedza ndi mpunga zogulidwa nthawi yokolola, zikali zotsika mtengo. Ndipo kukatsala milungu iwiri, funsaninso mitengo yonse kwa munthu amene wayenda njirayo posachedwa. Safunsa adadya phula.

Tsiku lonyamuka, ndalama zathu tidazigawa patatu. Gawo loyamba lidali la ulendo wobwerera, ndipo amayi a kunyumba adalimanga pa mfundo ya chitenje cha m'kati, nanena kuti ndisaliganizirenso. Gawo lachiwiri lidali la tsoka: matenda, kuchedwa kwa sitima, kapena uthenga wa maliro. Gawo lachitatu lokha ndilo tinkadya, titaligawanso molingana ndi masiku. Ndidagula kakope ka masamu, ndipo madzulo alionse ndinkalemba chilichonse chimene tagula, ngakhale nthochi. Mnzanga uja ankandiseka kuti ndabweretsa rejisitala ku tchuthi, koma pofika tsiku lachitatu ndi iye amene ankandikumbutsa ndikaiwala. Kwa inu a masiku ano, gawo la ulendo wobwerera mukhoza kulisunga mu Airtel Money kapena mu Mpamba, kumene wopisa m'thumba sangalifikire. Dziwani kokha kuti kutapa kulikonse kuli ndi mtengo wake, kotero kuti wotapa pang'onopang'ono kasanu amalipira zambiri kuposa wotapa kamodzi. Ndiponso kumadera akutali mukhoza kupeza netiweki yathawa kapena wothandizira alibe ndalama m'kabati. Khalani ndi zina m'manja, makamaka zing'onozing'ono, pakuti mayi wogulitsa zitumbuwa pa gombe sangakhale ndi chenje cha K5,000.

Za pa msewu sindichulukitsa, poti ambiri mumazidziwa. Basi imodzi yopita kutali imakhala yotsika mtengo kuposa kudumphadumpha m'maminibasi, chifukwa kulikonse kumene mwatsika mumalipiranso za katundu, mumagula chakudya podikira, ndipo mumagwa m'manja mwa oitanira. Funsani mtengo kwa wokwera mnzanu musanafunse kondakitala, ndipo mugwirizane za katundu musanamukweze. Nyamukani mbandakucha. Wofika usiku m'tauni yachilendo alibe mphamvu yosankha: amagona pamene wapeza, pa mtengo umene wauzidwa. Pewaninso masiku a Khrisimasi ndi Pasaka, pamene dziko lonse lili pa msewu ndipo mitengo imakwera ngati madzi a mu Januwale.

Pa Mangochi tidaima maola angapo, ndipo ndidachita manyazi pozindikira zimene ndidaziphonya ulendo woyamba ndili kalikiliki ndi mabotolo. Pafupi ndi mlatho pali nsanja ya wotchi yomangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria. Pambali pake pali mfuti yaikulu ya m'sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, idaononga sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann ili pa gombe la tsidya la kum'mawa. Pomwepo palinso chikumbutso cha anthu amene adamira ndi sitima ya Vipya, nkhani imene ndibwereranso. Zonsezi tidaziona osalipira ngakhale tambala, ndipo mphunzitsi wa mbiri yakale akhoza kutolapo maphunziro a milungu itatu. Ndazindikira kuti m'dziko muno zinthu zambiri zoyenera kuonedwa ndi zaulere kapena zotsika mtengo. Zodula ndi mipando yokhalapo poziona.

Kuchoka apo tidapita ku Monkey Bay, kumene eni dera amati ku Lusumbwe, kukakwera Ilala. Sitimayi idapangidwa mu 1949 ndi kampani ya Yarrow pafupi ndi Glasgow ku Scotland, idabwera m'zidutswa kudzera ku Beira, ndipo italumikizidwa idayamba kuyenda pa nyanja mu 1951. Dzinali idalitenga ku kasitima koyamba ka amishoni a ku Scotland kamene kadalowa m'nyanjayi mu 1875, ndipo nako kadatchedwa dzina la dera la Ilala ku Zambia, kumene David Livingstone adamwalirira mu 1873. Kwa zaka zambiri yakhala ikuyenda kamodzi pa mlungu kuchokera ku Monkey Bay mpaka ku Chilumba ndi kubwerera, ikuima m'madoko monga Nkhotakota, Likoma, Chizumulu, Nkhata Bay, Usisya ndi Ruarwe. Masiku ndi madoko ake amasintha, choncho funsani ku ofesi ya pa doko musanachoke kwanu. Kumbukiraninso kuti sitima ya pamadzi imamvera mphepo ndi kuchuluka kwa katundu, osati wotchi yanu. Apa ndi pamene wa nthawi yambiri amaposa wa ndalama zambiri.

M'sitimamo muli magawo: zipinda zogona za apamwamba, bwalo la pamwamba, ndi gawo la pansi la anthu wamba, limene mtengo wake ndi wotsikitsitsa. Ife tidakwera la pansi. Sindikunamizani kuti ndi la mtendere. Mudali matumba a chimanga, malata, njinga, nkhuku zomangidwa miyendo, ana olira, ndi kutentha kochokera ku injini. Koma mkeka wathu utayalidwa pakona, bulangete lili pafupi, tidagona monga anagonera ena onse, ndipo m'mawa dzuwa lidatitulukira kuchokera ku mapiri a Mozambique chimodzimodzi ndi m'mene lidatulukira kwa a m'zipinda. Komanso m'menemo ndi m'mene tidamva nkhani. Mayi wina wogulitsa nsomba adatiuza mtengo weniweni wa usipa pa doko lililonse. Mnyamata wina wa ku Chizumulu adatilangiza kukulunga ndalama ndi makalata m'pepala la pulasitiki, chifukwa m'madoko ambiri sitima imaima kutali ndi gombe ndipo anthu amatsikira m'maboti, kenaka ndi kuyenda m'madzi ofika m'maondo. Nzeru zoterezi sizigulitsidwa ku bwalo la pamwamba. Ndinene chilungamo chokha: amene akuyenda ndi khanda, ndi wodwala kapena ndi nkhalamba, asaumire, aonjezere ndalama akwere pabwinopo.

Chimene chidapulumutsa thumba lathu kuposa zonse chidali kamba. Makolo athu sankanyamuka ulendo opanda kamba, koma ife ophunzira timachita naye manyazi, ngati kuti kumasula kamtolo ka mbatata m'basi ndi kuchotsa ulemu wa satifiketi. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Amayi a kunyumba adakazinga mtedza ndi chimanga, adaphika mbatata ndi mazira a tsiku loyamba, adaotcha chikondamoyo chokwanira masiku atatu, ndipo adadzaza chigubu ndi thobwa. M'chikwama china mudali ufa, mpunga, mchere, shuga, masamba a tiyi, kabotolo ka mafuta, kapoto kamodzi ndi makapu. Potero chimene tinkagula pa ulendo wonse chidali ndiwo ndi nkhuni basi, ndipo ku nyanja ndiwo ndi zotsika mtengo kwa wodzuka m'mawa ndi kupita yekha pa gombe pamene asodzi akukocheza. Mbale imodzi ya m'lesitilanti ikadagula nsomba zodyetsa atatu tonse tsiku lathunthu. Ndidalola tsiku limodzi lokha lodya zogula, kuti tilaweko kondowole ndi nsomba yophikidwa ndi eni ake, ndipo chakudya chimenecho ndimachikumbukirabe chifukwa chidali chimodzi.

Pa Likoma tidafikira kwa mphunzitsi amene tidaphunzira limodzi ku koleji, nditamulembera kalata miyezi iwiri m'mbuyo ndi kulandira yankho lake. Mawu akuti "kulandira yankho" ndawalemba dala. Kufikira kwa abale ndi abwenzi ndiyo njira yakale yochepetsera ndalama za malo ogona, koma ili ndi mwambo wake, ndipo ambiri amauswa. Kugwera munthu mwadzidzidzi ndi banja lonse, manja ali m'thumba, si kusunga ndalama. Ndi kusamutsira ngongole yako pa mutu wa mnzako. Pachilumbapo nthaka ndi ya miyala ndi mchenga, chimanga chambiri chimabwera pa sitima, ndipo chilichonse cha m'golosale chimakwera mtengo chifukwa chawoloka nyanja. Choncho ufa, shuga ndi sopo zimene tidapereka kwa mayi wa pakhomopo zidali zamtengo kwa iye kuposa m'mene zidalili kwa ife pogula ku Limbe. Amayi a kunyumba ankatunga nawo madzi ndi kuphika nawo, ife amuna tidagona m'kalasi ndi chilolezo cha mphunzitsi wamkulu, ndipo tidanena poyera tsiku lochoka tisanakhale pansi. Mlendo ndi mame. Chaka chotsatira mnzathuyo adabwera kwathu kudzaona minda ya tiyi ya ku Thyolo, ndipo tidabweza. Ndimadabwa kuti aphunzitsi, amene tili ndi anzathu a ku koleji m'boma lililonse kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, sitigwiritsa ntchito chuma chimenechi. Kumene mulibe mnzanu, funsani nyumba za alendo za mipingo musanafunse zina, ndipo muone chipinda ndi maso anu musanalipire.

Za tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera ndidaziwerenga m'mabuku, koma buku silidandikonzekeretse. Amishoni a UMCA adayamba kuchimanga mu 1903 pamalo otchedwa Chipyela, pamene kale ankaotcherapo anthu oganiziridwa ufiti, ndipo chidatsegulidwa mu 1905. Munthu umatuluka m'tinjira ta mchenga, pakati pa milambe ndi mitengo ya mango, ndi kungoona chinyumba cha miyala ndi njerwa chotalika ngati cha mu mzinda waukulu, pa chilumba chimene ukhoza kuchidutsa pansi tsiku limodzi. Tidakhalamo nthawi yaitali osalankhula. Potuluka tidaponya kangachepe m'bokosi la zopereka, ndipo ndidakalemba m'kope muja mosadandaula. Madzulo tidakwera kaphiri ndi kuona nyumba za ku Cobué, tsidya la Mozambique, zili pafupi kwambiri, pakuti zilumba ziwirizi ndi za Malawi koma zazunguliridwa ndi madzi a dziko la eni. Tsiku lonselo tidaononga ndalama zochepa kuposa zimene ndidamwetsa anzanga a ku Mangochi aja m'ola limodzi.

Pa nkhani ya kunenerera mitengo ndili ndi mawu awiri. Kufunsa ndi kutsitsa mtengo si tchimo; wogulitsa ziboliboli kapena mwini njinga akaona chikwama cha mlendo amayamba ndi mtengo wa pamwamba, ndipo amayembekezera kuti mutsitsa. Koma ndidaonapo mphunzitsi wovala tayi akulimbana ndi mwana wogulitsa nthochi pa kandalama kosagula ndi machesi omwe, atangochoka kolipira mowa osafunsa chenje. Kumeneko si kusamala ndalama. Limbanani ndi mitengo ikuluikulu. Wosauka mnzanu mulekereni phindu lake.

Tsopano ndifike pamene sipayenera kusungidwa ndalama ngakhale pang'ono. Tchuthi chachikulu cha sukulu chimagwa m'miyezi yozizira, ndipo imeneyi ndiyo nyengo ya mwera, mphepo yochokera kummwera imene imatha kusandutsa nyanja yabata kukhala chilombo m'maola ochepa. Tsiku loti tichoke pa Likoma mwera udaomba, ndipo tidamva kuti sitima ichedwa. Pa gombe padali boti la matabwa la injini lopita ku Nkhata Bay, mtunda wa makilomita oposa 60 pa nyanja yopanda pothawira, litadzaza kale matumba ndi anthu, ndipo mwini wake ankaitanira pa mtengo wotsika. Mnzanga uja adawerengera msanga kuti tikakwera tipulumutsa ndalama za tikiti ndi za chakudya cha masiku odikira. Kunena zoona, nanenso mtima udapendekera komweko. Mkulu wina wosoka ukonde pafupi adatiyang'ana nati, "Aphunzitsi, ine ndabadwira pa madzi pano, koma lero bwato langa lili pamtunda. Inu mukudziwa chiyani chimene ine sindikudziwa?" Amayi a kunyumba sadatsutsane ndi munthu, adangokhala pa chikwama chathu nati, "Bambo, ngati mukupita pitani, koma mfundo ya chitenje itsala ndi ine."

Tidadikira masiku awiri, ndipo gawo la tsoka lija lidagwira ntchito yake. Botilo ndidamva kuti lidafika, koma zimenezo sizisintha kanthu. Nyanjayi idamiza Vipya pa 30 Julaye 1946, sitima yachitsulo yatsopano itangoyenda maulendo ochepa, ndipo anthu 145 adatsikira nayo pansi kufupi ndi Chitimba. Idamizanso Bishopu Chauncy Maples mu 1895 ali pa ulendo wopita ku Likoma komweko, ndipo manda ake ali ku Nkhotakota. Boti lodzaza mopyola muyeso, lole yopanda mabuleki, minibasi ya usiku ya dalaivala woledzera: zonsezi ndi zotsika mtengo kufikira tsiku limene zidzakhale zodula kuposa chilichonse.

Chimodzimodzi ndi thanzi. Ku nyanja udzudzu ndi wambiri, ndipo ife ochokera ku mapiri malungo ake amatigwetsa msanga. Neti ikhale m'chikwama, ndipo imangidwe usiku uliwonse ngakhale mutatopa. Madzi akumwa awiritseni kapena athireni mankhwala. Posamba pewani malo a bango ndi udzu pamene madzi sayenda, chifukwa ndi m'mene mumakhala nkhono zofalitsa likodzo, ndipo mukaona zachilendo pokodza mutabwerako, pitani ku chipatala osazengereza. Mtengo wa neti ndi wochepa pouyerekeza ndi mlungu wa m'chipatala cha kutali ndi kwanu.

Musaiwale chiphaso cha unzika. M'malo osungira zachilengedwe, monga Lake Malawi National Park ku Cape Maclear, imene idakhazikitsidwa mu 1980 ndi kulowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984, nzika ya dziko lino imalipira zochepa kwambiri poyerekeza ndi mlendo wakunja, koma pa chipata adzafuna umboni. Kuyenda atatu kapena anayi kumathandizanso, poti chipinda, nkhuni ndi wolondolera njira mumagawana. Koma sankhani anzanu a thumba lofanana ndi lanu ndi a ludzu lofanana ndi lanu, ndipo mugwirizane za ndalama musanachoke pakhomo.

Dzenje lomaliza lili pa ulendo wobwerera, ndipo lamiza ambiri amene adasamala njira yonse. Ndi funso lija lodikira pakhomo: "Mwatitengerako chiyani?" Munthu ukaganiza za apongozi, alamu, ana a achemwali, anansi ndi aphunzitsi anzako, umayamba kugula kanthu ka aliyense pa doko lomaliza, mothamanga ndi mosanenerera. Ife tidakonzeratu. Pa Nkhata Bay tidagula dengu limodzi la usipa wouma kwa asodzi enieni, pa mtengo umene mayi wa m'sitima uja adatiuza, ndipo titafika kunyumba tidaugawa m'timapepala. Palibe adadandaula, poti kwathu kumtunda usipa wa ku nyanja ndi ndiwo ya ulemu, ndipo apongozi adautamanda mwezi wathunthu, chinthu chimene sakadachitira chiboliboli cha ng'ona.

Sukulu itatsegulidwa ndidajambulanso mapu aja pa bolodi. Kamnyamata kofunsa kaja kadali katachoka kale, koma pa tebulo ndidaika botolo la mchenga wa ku Likoma ndi zigoba za nkhono, ndipo ana adapatsirana kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Nditamaliza kufotokoza za mwera ndi za Chipyela, mtsikana wina adaimika mkono. "Aphunzitsi, ndiye mudalipira zingati kuti mukafike kumeneko?" Ndidatulutsa kakope kaja m'thumba, ndi kufufuta mapu, ndi kuyamba kulemba pa bolodi: basi, tikiti ya sitima, nkhuni, usipa, nthochi, chopereka cha ku tchalitchi. Ndidawauza kuti atulutse makope a masamu, aphatikize okha, kenaka agawe yankholo ndi miyezi khumi.